Zotola nyanga m'tchire: bizinesi imeneyi ingatheke kuno?

Dali wa ku Chibavi: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili ndi nkhani ya bizinesi. Pa YouTube pali azungu a ku America omwe amangoyenda m'tchire kutola nyanga zogwa zokha za ma deer, nyama zooneka ngati mbawala. Sapha nyama, sanyamula mfuti. Chikwama chikadzaza amakagulitsa pa sikelo. Ndiye ndimati ifenso Nyika ili pompa, Vwaza ili pompa, ku Kaning'ina amati agwape akadaliko. Bwanji tisonkherane ya mafuta Loweruka lina tikayese? Kutola si kuba.

Amalume a Zolozolo: Mphwanga, kabaza wavuta mpaka kufika poti tizikatola nyanga? kkkkk

Dali wa ku Chibavi: Amalume musaseke, mafuta akwera ndipo makasitomala akufuna mtengo wa chaka chatha. Munthu azisaka njira zina.

Make Wezi: Ineyo mavidiyowo ndinawaonako. Mzimayi wina anali ndi galu wophunzitsidwa, akanunkhiza nyanga amakaitenga n'kubwera nayo. Ndinangoti anzathuwa nthawi ali nayo.

Madam NyaJere: Dali mwana wanga, ukanapanda kuthawa phunziro la Biology bwenzi sukuvutitsa anthu za mafuta. Nyama zathu kuno sizithothola nyanga. Mbawala, gwape, nswala, ngoma, mphoyo, chilembwe, mphalapala, ntchefu, njati, zonsezi ndi za banja limodzi ndi ng'ombe ndi mbuzi. Nyanga yawo ili pawiri. M'kati muli fupa lomwe linamera kuchokera pa chigaza, kunja kuli chikuto cholimba cha keratin, chinthu chomwe chija chimapanga zikhadabo ndi tsitsi. Imamera kamodzi kokha, nyama n'kukhala nayo mpaka kufa. Ikathyoka pomenyana, yathyoka basi, tonde amakalamba ndi chitsa chakecho. Ma deer ndi banja lina. Nyanga yawo ndi fupa lokhalokha lopanda chikuto, imachita nthambi, ndipo imagwa chaka chilichonse n'kumera ina. M'Malawi muno mulibe deer wakutchire. Mu Africa yense mtundu wake wachibadwidwe ndi umodzi, Barbary stag, wa m'mapiri a kumpoto ku Algeria, Tunisia ndi Morocco.

Dali wa ku Chibavi: Madam, koma ine ku Chikangawa ndinaonapo nyanga pansi ndi maso angawa. Inali yokha, popanda nyama.

Bambo a Tionge: Inali yokha chifukwa afisi anali atamaliza ntchito yawo. Ndagwira ntchito ya ugemu mpaka kupuma, ndayenda Nyika kuchokera ku Thazima mpaka ku Chelinda ndi kuseri kwake, ndagona ku Kazuni. Nyanga iliyonse imene ndinaipeza pansi, mwini wake anali atafa. Mwina nyalugwe, mwina matenda, mwina ukalamba, koma kawirikawiri ukayang'ana bwino pamtengo wapafupi umapeza waya wa khwekhwe. Nyama ikaola, chikuto chija chimavuka pa fupa n'kugubuduka chokha, ndiye munthu wodutsa amaganiza kuti chagwa pamutu pa nyama yamoyo. Mukadzapezanso, muisuzumire m'kati. Mudzaona kuti ndi yamphako. Ikakhalitsa kunja imamera timachubu tofiirira, ndi mphutsi za kagulugufe kena kamene kamadya nyanga za nyama zakufa.

Dali wa ku Chibavi: Chabwino, yafa yokha. Ndiye ndikaitola ndalakwira ndani? Nyamayo ikufunanso nyanga?

Bambo a Tionge: Walakwira lamulo. M'paki sutulutsa kanthu popanda chilolezo, ngakhale nkhuni kapena mwala. Ndipo nyanga, chikopa kapena dzino la nyama yotetezedwa imene waipeza itafa ndi katundu wa boma. Chimene umachita ndi kukanena kwa a zanyama kapena kupolisi, osati kuika m'thumba. Lamulo la National Parks and Wildlife Act analikhwimitsa mu 2017, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere chilango chimafika zaka 30. Pa mbawala sichifika pamenepo, koma usaganize kuti adzakuuza kuti pita bwino.

Admin: Ndisanaiwale: pagulu pano palibe wotsatsa kapena kufunsa mtengo wa nyanga, chikopa kapena nyama yakutchire. Kukambirana kuli bwino, malonda ayi. Pitirizani.

Chikondi ku Colorado: Moni nonse, kuno kwangocha kumene. Ndaseka nditaona mutuwu chifukwa anzanga ena a kusukulu ndi openga nazo zimenezi, ndipo ananditengako. Dali, m'vidiyo amakuonetsa mphindi imene munthu wawerama kutola. Sakuonetsa tsiku lonse limene wakwera mapiri m'chipale chofewa osapeza kanthu. Komanso si zongolowa paliponse. Kuno ku Colorado, m'dziko la America, pa malo a boma a kumadzulo kwa msewu wa I-25, kutola nyanga n'koletsedwa kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 30 Epulo. Ku Wyoming nakonso mbali ya kumadzulo amatseka miyezi yomweyo. Ku Utah, wofuna kutola kumapeto kwa nyengo yozizira amayamba waphunzira kakosi ka pa intaneti n'kumayenda ndi chiphaso chake. Ndipo m'mapaki akuluakulu monga Yellowstone sutola n'komwe, chaka chonse. Ukapezeka nayo ndi mlandu. Ndiye zoti tipite ku Nyika, ngakhale kuno sizikanaloledwa, chifukwa Nyika ndi paki.

Make Wezi: Nanga amaletseranji miyezi imeneyo, poti zagwa kale?

Chikondi ku Colorado: Chifukwa nthawi imene nyanga zimagwa ndi nthawi yomweyonso imene nyama zili pa njala. Kuzizira kwa kuno si kwa Juni wa ku Mzuzu koti uvala juzi ziwiri n'kupita kuntchito. Msipu umakwiririka, nyama zimakhalira mafuta a m'thupi amene zinasunga. Munthu akatulukira, gulu lonse limathawa m'chipale chofika m'mawondo, mphamvu zochepazo n'kutha. Zazikazi zimakhala ndi bere. Zina zimafa kusanafunde. Palinso anthu oipa mtima omwe ankathamangitsa nyama ndi njinga zamoto kuti nyanga zogwedera zigwe msanga, iwo atole anzawo asanafike. Ndiye pa 1 Meyi akatsegula, magalimoto amakhala atandandalika kale usiku podikira.

Amalume a Zolozolo: Eee, ndiye kumenekonso kuli mizere. Ndimayesa mizere ndi yathu yokha ya pa filing'i siteshoni.

Dali wa ku Chibavi: Asisi, koma ndalama zimakhalapo eti? Musandibisire.

Chikondi ku Colorado: Zilipo, koma kwa ambiri ndi zongobwezera mafuta. Ogula amayeza kulemera kwake n'kuika magiredi ngati fodya ku okushoni ya kwathu kuja. Yofiirira, yogwa chaka chomwecho, yosang'ambika, ndiyo giredi yoyamba. Yoyera imene yakhala padzuwa chaka chathunthu imatsika mtengo. Yofumbutuka, yotafunidwa ndi agologolo, pafupifupi ilibe ntchito. Ukapeza zonse ziwiri za nyama imodzi mtengo umakwera, koma sizigwa nthawi imodzi nthawi zonse, ina imatha kugwa lero inzake n'kukagwera phiri lina patapita masiku. Odziwa amayang'ana pamene nyama zimagona, pamene zimadyera, ndi podumphira mpanda kapena kamtsinje, chifukwa nyama ikatera pansi ndi mphamvu nyanga yogwedera imaguluka.

Msika wotchuka uli ku Jackson, ku Wyoming. Pafupi ndi tawuniyo pali National Elk Refuge, malo amene anawapatula mu 1912 kuti ma deer akuluakulu otchedwa elk azikhalako nyengo yozizira. Anyamata a Boy Scouts ndiwo amathandiza kutola nyanga m'menemo, ndipo kuyambira 1968 amazigulitsa pa okushoni mwezi wa Meyi chaka chilichonse. Gawo lalikulu la ndalamazo limabwerera kosamalira nyamazo. Pabwalo la pakati pa tawuni anamanga zipata zinayi za nyanga zokhazokha.

Make Wezi: Ogulawo amakapanga chiyani?

Chikondi ku Colorado: Zigwiriro za mipeni, mabatani, zokoloweka nyali m'mahotela, mipando. Zina zimapita ku Asia kokapanga mankhwala. Koma zambiri masiku ano amazidula tizidutswa n'kugulitsa kuti agalu azitafuna.

Amalume a Zolozolo: Galu kumugulira chotafuna! Wanga akudya nsima ya madeya ndipo sanadandaulepo.

Madam NyaJere: Ine chimene chimandidabwitsa pa nyama zimenezi si malonda ayi, koma thupi lake. Taganizani. Pamutu pa yaimuna pali timiyendo tiwiri ta fupa tosachoka. Masiku akayamba kutalika, pamenepo pamaphuka nyanga yofewa, yokutidwa ndi khungu la ubweya wosalala lodzaza mitsempha ya magazi. Ukaikhudza imakhala yofunda, ndipo nyama imamva kuwawa ikaigunditsa. Pa elk imatha kukula masentimita awiri ndi theka pa tsiku limodzi. Palibe fupa lina la nyama yoyamwitsa limene limakula liwiro lotero. Chakudya chokha sichikwanira, mpaka thupi limabwereka kashiamu ku nthiti n'kudzabweza pambuyo. Ikakhwima, homoni ya testosterone imakwera, magazi amasiya kupita, khungu lija limauma, nyama n'kulikhula pa mitengo. Chotsala ndi fupa lakufa lomenyera nkhondo polimbirana zazikazi. Nyengo yokwerana ikatha, homoni ija imatsika, timaselo tina timadya fupa pa tsinde penipeni, nyanga n'kugwa. Pamatsala chilonda, chimapola, patapita masabata ochepa ntchito iyambiranso. Nyanga ziwiri za elk wamkulu zimatha kufika makilogalamu 18. Chaka ndi chaka kumanga katundu wotere n'kumutaya. Chimene chimalamulira zonsezi ndi kutalika kwa usana, n'chifukwa chake kumaiko ozizira zimagwa nyengo imodzi.

Amalume a Zolozolo: Madam ayamba kalasi. Belu lilira nthawi yanji?

Madam NyaJere: Achimwene khalani chete mumve, simunalipire fizi. Chomaliza: pa ma deer onse, aakazi okhala ndi nyanga ndi a reindeer okha. Amuna akuluakulu amathothola chakumayambiriro kwa nyengo yozizira, koma aakazi a bere amakhala nazo mpaka nthawi yoswa, kuti azitha kuthamangitsa anzawo pa msipu wochepa umene afukula.

Bambo a Tionge: Kwa ifenso zimasiyana. Mbawala, nswala ndi mphoyo nyanga ndi za amuna okha. Chilembwe, mphalapala ndi ntchefu, amuna ndi akazi omwe ali nazo. Koma mwana wanga wa ku Colorado, ndifunse. Agemu a kumeneko amadziwa bwanji kuti iyi ndi yotola, iyi ndi ya nyama yophedwa?

Chikondi ku Colorado: Adada, nyangayo imadzichitira yokha umboni. Yogwa yokha pansi pake pamakhala pobulungira, pokhakhala, pozunguliridwa ndi kamkombero. Yodula ndi sowo pamakhala posalala. Ndipo ukapeza chigaza chonse nyanga zili pomwepo, imeneyo ndi nyama yakufa, malamulo ake ndi ena. M'maboma ambiri suchinyamula usanawadziwitse a zanyama.

Bambo a Tionge: Basi nkhani yagona pamenepo. Kwa anzathuwo pali njira yosiyanitsira. Kwathu kuno palibe. Nyanga ya chilembwe wofa ndi ukalamba ndi ya chilembwe wofera pa waya zimafanana ndendende. Boma likangoti zotola ndi zololedwa, aliyense wogwidwa adzati ndatola. Ndipo pakakhala wogula mu Mzuzu muno, zotola zikatha anthu sadzadikira kuti nyama ife yokha.

Adada Bolero: Monile mose. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndilankhulepo. Abale anga agemu, zimene mukunenazo n'zoona, koma musamalankhule ngati Nyika inakhala paki chilengedwere. Paki inayamba mu 1965, ndipo ataikuza mu 1978 anthu anasamutsidwa, makolo anga ali m'gulu lomwelo. Manda athu anatsala m'katimo. Agogo anga anali ndi lipenga la nyanga ya ngoma loitanira anthu, akaliomba linkamveka kutsidya kwa dambo. Sanali wakuba. Lero mdzukulu wake akapezeka ndi lipenga lomwelo panjira ayenera kufotokoza kumene analitenga. Pamene njovu za ku Vwaza zikatuluka n'kumaliza chimanga cha munthu usiku umodzi, palibe wobwera kudzafotokoza kanthu.

Bambo a Tionge: Adada, sindikutsutsani. Ine ndemwe ndagonapo m'minda ya anthu kuthamangitsa njovu, ndipo ndaona amayi akulira m'mawa. Zimenezo zimawawa. Koma ndaonanso dambo limene kale linkadzaza mphoyo litatsala zii. Tikatsegula khomo la nyanga, wopindula sadzakhala wa ku Bolero. Adzakhala wa galimoto wochokera m'tawuni, wa kumudzi n'kumangidwa m'malo mwake.

Adada Bolero: Ndiye wa kumudzi amangidwa kale ngakhale khomo lili chitsekere.

Mlamu wa ku Luwinga: Apa adada akunena zoona. Msuweni wanga anagwidwa pa rodibuloko ina ali ndi kanyanga ka gwape m'chikwama, kamene asing'anga anamuikiramo mankhwala a mwana. Anagona m'chitolokosi, banja linagulitsa mbuzi kuti nkhani ithe. Munthu sanaphepo ngakhale kalulu.

Madam NyaJere: Pepani alamu, koma kanyangako kanachoka pamutu pa gwape, ndipo gwapeyo sanakapereke yekha. Asing'anga onse a m'chigawo chino akamafuna tinyanga totere, agwape angati? Ine chimene ndingagwirizane nanu n'chakuti anthu sauzidwa mokwanira. Ambiri amadziwa za minyanga ya njovu basi, sadziwa kuti ndi tinyama tating'ono tomwe.

Mlamu wa ku Luwinga: Za njovuzo ndiye tinazionera pafupi. Paja anaotcha minyanga konkuno.

Bambo a Tionge: Eya, mu Malichi 2016, muno mu Mzuzu. Matani 2.6, minyanga 781, imene inagwidwa mu 2013 ikuchokera ku Tanzania. Anthu ambiri ankati bwanji osagulitsa ndalamazo n'kugulira mankhwala m'zipatala. Yankho lake ndi lomwe ndanena lija: msika ukatseguka sufunsa kuti njovu inafa bwanji. Ndipo minyanga si nyanga n'komwe, ndi mano. Ya chipembere ndiye keratin yekhayekha wopanda fupa m'kati, n'chifukwa chake m'mapaki ena amaidula dala nyama ili moyo kuti akuba asaifune, ndipo imameranso.

Make Wezi: Koma abale, m'paki mulibiretu chimene munthu angatenge mwalamulo? Azakhali anga ku Rumphi amamweta udzu m'menemo.

Bambo a Tionge: Zilipo. Midzi yozungulira imaloledwa zinthu zina kudzera m'makomiti awo, pa nyengo yake ndi chilolezo: udzu wofolera, bowa, zipatso, ndipo magulu a njuchi amapachika ming'oma. Zimenezo zimaphukanso chaka chamawa. Chimene chikutha mwakachetechete ndi chinaka. Anthu akukumba timizu tonga mbatata ta maluwa a m'tchire pa Nyika mozembera, n'kumagulitsa mpaka ku Zambia kopangira chikanda. Ukakumba wachotsa chomera chonse.

Adada Bolero: Uchi wokha ndiye ndikuvomera, watiphunzitsira ana.

Dali wa ku Chibavi: Chabwino akuluakulu, za Nyika tazisiya. Plan B. Asisi a ku Colorado, inuyo muzitola kumeneko muzititumizira, ife tizigulitsa kuno m'malo ogona alendo. Phindu tigawana.

Chikondi ku Colorado: Kkkk Dali, ine ndabwera kudzaphunzira. Komanso fupa ndi lolemera, ndalama yotumizira ingapose mtengo wa katunduyo. Chinanso, chochokera ku nyama sichingolowa m'dziko popanda zikalata za a zaziweto. Kuno kuli matenda a ma deer otchedwa chronic wasting disease, anayamba kuonekera konkuno ku Colorado mu 1967. Amawononga ubongo, nyama imaonda mpaka kufa, ndipo alibe mankhwala. Chifukwa cha matenda amenewa, ngakhale kudutsa ndi mutu wa nyama kuchoka boma lina kupita lina kuli ndi malamulo ake. Ndiye iwe ukafike nazo pa Kamuzu International Airport uziti ndi zokongoletsera?

Bambo a Tionge: Mwandikumbutsa za matenda. Ichi n'chifukwa china chosagwiragwira zotsala za nyama yofa yokha. Anthrax imakhala m'dothi ndi m'mafupa zaka zambiri. Kumapeto kwa 2018 mvuu zinafa nayo ku Liwonde. Munthu umatola nyanga, uli ndi kabala pa chala, basi watenga.

Braz wa ku Joni: Ndalowa mochedwa. Kuno ku South Africa ma deer aliko guys. Ndinagwirapo ntchito pa famu ina, kunali amawangamawanga aja otchedwa fallow deer, anachokera ku Ulaya kalekale. Nyanga zake ndi zophwatalala kumapeto. Zimagwadi, ndinkazipeza m'mphepete mwa mpanda, kungoti kuno zimagwa cha m'ma Okutobala chifukwa nyengo ndi yotembenuka. Bwana ankangoziunjika m'galaja. Tsiku lina tinapeza zina kuuna kwa nungu, itazitafuna mpaka theka.

Madam NyaJere: Nungu imatero, imakokera mafupa kuuna kwake n'kumawatafuna kuti ipeze kashiamu ndi kunola mano. Kumaiko ozizira ntchito imeneyo amagwira agologolo ndi mbewa. Ndiye ngakhale yogwa yokhayo si kuti ilibe mwini, tchire limaidya.

Dali wa ku Chibavi: Nanga bwanji osangoweta ma deer konkuno? Ku Chikangawa kumazizira bwino.

Chikondi ku Colorado: Oweta alipo, makamaka ku New Zealand. Amagulitsa nyama, komanso amadula nyanga zikadali zofewa n'kutumiza ku China ndi ku South Korea. Ku Mauritius nakonso kuli ma deer amene a Dutch anabweretsa kuchokera ku Java m'zaka za m'ma 1600. Koma pamafunika mpanda wautali kuposa munthu kuzungulira famu yonse, madokotala a ziweto, ndi chilolezo cholowetsa nyama yachilendo m'dziko.

Amalume a Zolozolo: Munthu akulephera kugula tayala la njinga, akufuna mpanda wa mahekitala. Dali, yamba ndi nkhuku zachikuda.

Mmisiri wa ziboliboli: Ndakhala ndikudikira kuti wina anene, koma palibe. Inu mukusaka nyanga ku America pamene tsiku lililonse ng'ombe zikuphedwa muno mu Mzuzu, nyanga n'kumatayidwa kudzala. Mzimba yonseyi ndi ya ng'ombe. Ine ndinaphunzira kusema mtengo, koma mitengo yabwino ikusowa ndipo a zankhalango akhwimitsa, ndiye ndinayamba kuyesa nyanga ya ng'ombe. Imatuluka ndolo, zibangili, mabatani, zipeso, timasupuni ta shuga, zigwiriro za mipeni. Alendo a ku Nkhata Bay ndi ku Chintheche amazikonda chifukwa n'zopepuka, zimalowa m'chikwama. Mtundu wake sufanana, ina yakuda, ina yoyera, ina ya mizeremizere ngakhale usanaipake kanthu.

Dali wa ku Chibavi: Amisiri, tafotokozani bwino. Imapindika bwanji chinthu cholimba chija?

Mmisiri wa ziboliboli: Poyamba umaiwiritsa m'chitini chachikulu mpaka chikuto chilekane ndi fupa la m'kati, kenaka umaigogoda pa chipika fupalo n'kutuluka. Ukatero upale zonse za m'kati, utsuke, uyanike pamthunzi. Ukafulumira kuigwiritsa ntchito isanaume bwino imadzapindika yokha katundu ali kale kwa kasitomala. Ikauma umadula nsonga, imeneyo ndi yolimba mpaka m'kati, ndiyo ya mabatani ndi zigwiriro. Mbali yamphakoyo umaing'amba m'litali ndi sowo, n'kuiwamba pa makala pang'onopang'ono uku ukuitembenuza. Ikafewa umaitambasula, kuipana pakati pa matabwa awiri, n'kutsamiritsa mwala wolemera mpaka izizire. Moto ukachuluka imatuwa n'kuchita matuza, yawonongeka. Ikazizira bwino ndi kujambula, kudula, kukhula ndi sandipepa kuyambira wokhakhala mpaka wosalala, pomaliza kupaka mafuta pang'ono. Vuto la ng'ombe zathu za chizebu ndi nyanga zazifupi, sizitulutsa chipande chachikulu ngati za Ankole za ku Uganda zija. Ndiye timapanga tinthu tating'onoting'ono.

Madam NyaJere: Mwaona, keratin amafewa ndi moto. Ya deer ija ungaiwambe tsiku lonse siingatambasuke choncho, chifukwa ndi fupa.

Bambo a Tionge: Ya ng'ombeyo ndiye sindikumanga nayo munthu. Koma amisiri, muzisunga kakalata kochokera kumene mwagula. Chibangili chikapukutidwa bwino, wa pa rodibuloko sangadziwe msanga kuti ndi ng'ombe kapena njati.

Mmisiri wa ziboliboli: Zoona adada, ndipo alendo ena amaopa kugula poganiza kuti akawavutitsa pabwalo la ndege. Ndimawalembera pa risiti kuti ndi nyanga ya ng'ombe.

Adada Bolero: Lipenga la ng'ombe silimveka ngati la ngoma. Koma pangani, ana adye.

Make Wezi: Ine ndimagulitsa pafupi ndi mabutchala, ndikhoza kukufunsirani. Koma musapite gulu, ndipo musanene kuti ndi bizinesi. Akangomva kuti pali ndalama, chinthu chimene amaponyera agalu chikhala ndi mtengo mawa lomwe.

Amalume a Zolozolo: Pagulu pano pali abutchala awiri, mayi. Awerenga kale.

Admin: Za ng'ombe ndalola. Koma zithunzi za mitu yosenda musatumize usiku, ena timadya tikuwerenga.

Dali wa ku Chibavi: Amisiri, ndiye mungandiphunzitse? Ndikhoza kumawiritsira kwathu ku Chibavi, kuseri kwa nyumba kuli malo.

Mmisiri wa ziboliboli: Nyumba ya lendi? Usayerekeze. Fungo la nyanga yowira ndi yowamba limafika nyumba yachitatu, alandilodi akuthamangitsa sabata isanathe. Ubwere kwanga ku Mchengautuwa Loweruka m'mawa, ndili kumapeto kwenikweni, oyandikana nawo anazolowera. Ubwere ndi nyanga zosachepera zinayi chifukwa ziwiri zoyamba uziotcha, sandipepa, ndi kansalu kotseka pamphuno, fumbi lake si labwino m'chifuwa. Makala ugule ako.